Malangizo kwa ofuna kuchedwetsa chinenero cha kompyuta zaka 15

Si aliyense angathe kusokoneza chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta. Munthu mmodzi akalakwitsa, anzake amakonza mawa lake, ndipo pofika Lachisanu nkhaniyo imakhala itaiwalika. Kuti veshoni yotsatira ichedwe zaka khumi, kapena ituluke anthu n'kuikana, pamafunika gulu la anthu anzeru, okonda chinenerocho ndi mtima wonse, okhala pansi mwaulemu n'kumakambirana. Ngati mwaitanidwa kukakhala m'komiti yotere, musadziderere. Njira zake anaziyesa kale akatswiri a Perl, PHP, JavaScript, C++ ndi Python, ndipo zinabala zipatso. Chanu n'kungotsatira.

Mutu wa nkhani yonse ndi umodzi. Amene adzalipire zimene mwasankha asapezeke pa zokambirana. Anthu ake ali m'magulu awiri: eni mapulogalamu akale amene akugwira ntchito lero, ndi amene adzakhale pansi usiku kulemba compiler kuti maloto anuwo ayende pa makina. Zonse zili m'munsimu ndi njira zowatsekera kunja anthu amenewa mosawakhumudwitsa.

Yambirani pa zimene aliyense akuziona

Pa mndandanda wa zokambirana pamakhala nkhani zolemera, monga mmene chinenero chizisungira ndi kumasula memory, mmene ntchito zingapo zingayendere nthawi imodzi osapondana, ndi zimene zizichitika pulogalamu ikakumana ndi vuto pakati pa ntchito. Amazimvetsa ndi anthu owerengeka m'chipindamo, ndipo mukawasiyira akhoza kumaliza nthawi ya tiyi isanakwane. Zimenezo musalole. Kwezani dzanja, munene kuti, "Apampando, tisanapite patali, kodi chizindikiro chatsopanochi chikhala timadontho tiwiri kapena kamuvi?" Mudzaona ngakhale amene amawodzera kumbuyo akudzuka, poti pa timadontho aliyense ndi katswiri.

Mu 1957, C. Northcote Parkinson analemba za komiti imene inavomereza m'mphindi zochepa ndalama zomangira malo opangira mphamvu za nyukiliya, kenako n'kutha nthawi yaitali ikulimbana za kashedi koimikamo njinga. Philip Wadler, mmodzi mwa amene anakonza chinenero cha Haskell, anaona zomwezo pakati pa okonza zinenero. Iye anati nthawi ya mtsutso imawirikiza kawiri mukachoka pa tanthauzo kupita pa kalembedwe, imawirikizanso mukafika pa zizindikiro zenizenizo, n'kuwirikizanso mukafika pa kalembedwe ka ndemanga za m'khodi, zomwe kompyuta imangozidumpha osawerenga. Abambo awiriwa ankachenjeza. Inu mutenge mawu awo ngati ndondomeko ya msonkhano, ndipo muyambire kumapeto.

Funsani aliyense chimene akufuna, musakane ndi chimodzi chomwe

Veshoni yatsopano imabwera kamodzi pa nthawi yaitali, choncho ndi mwayi woti aliyense atule zakukhosi. Chitsanzo chabwino ndi Perl. Mu July 2000, Larry Wall analengeza kuti kukubwera Perl 6, ndipo anapempha ogwiritsa ntchito chinenerocho kuti atumize maganizo awo. Analandira zikalata 361. Zambiri zinali zanzeru, zina zinkatsutsana, ndipo kuti zonse zikwane m'nyumba imodzi panafunika kumanga chinenero china kuyambira pamaziko, pamodzi ndi makina atsopano oyendetsera mapulogalamu ake. Anthu akafunsa kuti chituluka liti, yankho la nthabwala linali lakuti pa Khirisimasi, osatchula chaka. Chinatulukadi pa Khirisimasi, ya 2015. Mwana wobadwa tsiku la chilengezo anali atafika ku sekondale.

Fred Brooks anafotokoza matenda amenewa mu 1975, m'buku lake la The Mythical Man-Month. Munthu akamapanga chinthu koyamba amadziletsa chifukwa cha mantha, koma akamapanga chachiwiri amathiramo zonse zimene anadzimana poyamba paja. Mantha oterowo ndi amene muyenera kuwachotsa mwa anzanu. Wina akanena kuti katundu wachuluka, muyankheni kuti, "Tikapanda kuika pano, tidzaika liti?" Funsoli lilibe yankho lachidule, ndipo mwambi wa pusi amene anagwa chagada chifukwa cha ichi chakoma ichi chakoma sulembedwa m'maminitsi a msonkhano.

Musaiwale kugwirizanitsa zinthu. Ganizo lililonse lidalire linzake, kuti pasapezeke kachigawo koti n'kutulutsidwa pakokha chaka chino. Zonse zituluke limodzi, apo ayi zonse zidikire. Nthawi zambiri zimadikira.

Khodi yakale ndi vuto la eni ake

Apa ndi pamene pagona luso lenileni, ndipo mphunzitsi wake ndi Python 3, imene inatuluka mu December 2008. Choyamba dziwani kuti okonza ake sanalakwitse pa zimene ankafuna. Mu Python 2, malemba ndi ma byte osaphika zinkasakanikirana, moti mukasunga chilembo cha ŵ mu UTF-8 n'kufunsa kutalika kwake, kompyuta inkakuuzani kuti ndi ziwiri. Mukagawa 7 ndi 2 inkakupatsani 3, theka n'kulimeza. Zimenezi zinafunikadi kukonzedwa. Phunziro lanu ndi lakuti munthu akhoza kukhala wolondola pa chilichonse, ntchito n'kuchedwabe zaka zoposa khumi, bola asankhe bwino kachitidwe kake.

Kachitidwe kake ndi aka. Sinthani zonse tsiku limodzi, ndipo onetsetsani kuti pulogalamu yolembedwa mwakale ikukana kuyenda pa chatsopano kuyambira pa mzere woyamba. Lamulo la print ndi lothandiza kwambiri pamenepa, chifukwa limapezeka pafupifupi m'pulogalamu iliyonse, ngakhale ya mwana amene wayamba kuphunzira dzulo. Amene analemba print "moni" auzidwe kuti tsopano ndi print("moni"). Kenako tonthozani anthu ndi chida chomasulira khodi yakale kupita ku yatsopano, monga 2to3. Chidacho chidzakonza zooneka ndi maso, koma sichingadziwe ngati mawu ena m'pulogalamu anali malemba kapena ma byte, poti zimenezo zinali m'mutu mwa amene analemba, ndipo iyeyo anasiya ntchito kalekale. Zili ngati kusintha maloko a nyumba yonse anthu ochita lendi ali kuntchito, n'kuwasiyira kalata pakhomo yofotokoza ubwino wa maloko atsopanowo.

Zotsatira zimabwera zokha. Eni malaibulale amadikira kuti ogwiritsa ntchito asamuke kaye, ogwiritsa ntchito nawo amadikira malaibulale. Django, imene mawebusaiti ambiri a Python amadalira, inayamba kuyenda pa Python 3 mu 2013, patapita zaka zinayi ndi miyezi. Makampani anawerengera ndalama zosamukira n'kupeza kuti akamaliza, pulogalamu yawo izichita zomwe imachita kale, choncho anakhala phee. Tsiku losiya kusamalira Python 2.7 linali mu 2015, koma analikankhira ku January 1, 2020.

Pa nthawi yonseyi mawu anu akhale amodzi: "Ndi kungosintha mizere ingapo." Musafunse kuti mizereyo ili m'mafailo angati, kapena kuti kampaniyo ili ndi anthu angati oti n'kuigwira ntchitoyo. Wina akabwera ndi madandaulo a ku banki kapena ku chipatala kumene kuli pulogalamu ya zaka makumi awiri, muuzeni mokoma mtima kuti akanalemba bwino poyamba.

Chenjezo limodzi: a Python anafooka pakati panjira. Mu 2012 anabwezeretsa kachilembo ka u kutsogolo kwa malemba kuti khodi imodzi iziyenda konsekonse, ndipo mu 2015 analolanso chizindikiro cha % kugwira ntchito pa ma byte. Timilatho timeneti ndi timene tinathandiza anthu ambiri kuwoloka. Inu musamange mlatho, ndipo wina akaupempha nenani kuti ukuipitsa maonekedwe a chinenero.

Vomerezani pa pepala, olemba compiler adzaona okha

Pali mawu amene amatseka pakamwa munthu aliyense wodandaula kuti chinthu n'chovuta kupanga: "Imeneyo ndi nkhani ya implementation." Muziwatchula mokweza mapewa pang'ono, ngati munthu amene wafunsidwa za kusesa pamene akukamba za malamulo a dziko.

Komiti ya C++ inasonyeza mmene zimakhalira. M'malamulo a chinenerochi a 1998 munalowa liwu la export, lolola kuti ma template azilembedwa m'failo ina n'kumagwiritsidwa ntchito kwina. Pa pepala zinali zokongola, ndipo zinavomerezedwa pasanapezeke compiler yozichita. Mwa onse olemba ma compiler, ndi kampani yaing'ono ya Edison Design Group imene inalimba mtima n'kuzipanga, itavutika nazo zaka. Ena akuluakulu sanayerekeze. Mu 2011 ntchito ya liwulo inachotsedwa m'malamulo. Kwa zaka 13, pafupifupi ma compiler onse a C++ padziko anali ophwanya lamulo, ndipo dziko silinagwedezeke. Ndi ntchito yotamandika kulemba lamulo lotere.

A PHP anatsata njira ina yofikira komweko. Cha mu 2005 anayamba PHP 6, imene inkafuna kuti malemba onse mkati mwa chinenero asungidwe mu UTF-16. Koma malemba ambiri a pa intaneti amabwera mu UTF-8, kotero mawu aliwonse ankayenera kusinthidwa polowa n'kusinthidwanso potuluka, ndipo ntchito zamkati zambirimbiri zinafunika kulembedwanso ndi anthu odzipereka. Liwiro linatsika, memory inkadyeka yambiri, anthu anatopa. Mu 2010 ntchitoyo inasiyidwa. Kuti inunso mufike pamenepa, sankhani maziko poyamba, kuyeza liwiro kudzabwere patapita zaka zitatu. Ndipo aliyense wobwera ndi manambala a liwiro mumufunse ngati anayeza pa kompyuta yoyenera. Kompyuta yoyenera sipezeka.

Lengezani dzina ntchito isanayambe

Nambala ya veshoni ndi yaulere, choncho itulutseni msanga. Ubwino wake ndi wakuti anthu amasiya kudalira chimene ali nacho m'manja n'kuyamba kudikira chimene kulibe. Ofalitsa mabuku anasindikiza mabuku ophunzitsa PHP 6, ndipo anagulitsidwa, chinenerocho chisanabadwe. Itafika nthawi yotulutsa veshoni yeniyeni, panabuka mtsutso wina wa nambala yoti aipatse, mpaka anachita kuvota. Inapambana 7, yomwe inatuluka mu December 2015, ndipo PHP 6 inakhala veshoni yokhala ndi mabuku koma yopanda pulogalamu.

Mukhozanso kuika chaka m'dzinalo. Veshoni ya C++ imene inkatchedwa C++0x inkayembekezeka 2010 isanafike, koma inatuluka mu 2011, ndipo ma concepts, amene ankaoneka ngati mutu wa phwando lonse, anachotsedwa pa msonkhano wa ku Frankfurt mu 2009. Anabwera mu C++20.

Koma opambana onse ndi a Perl. Dzina la Perl 6 linachititsa anthu akunja kuganiza kuti Perl 5 ndi yakale yongodikira maliro, pamene inali ikukonzedwabe ndi kugwira ntchito m'makampani. Perl 5 inalibenso kokwera, poti nambala yotsatira inali ndi mwini wake. Mu 2019 chinenero chatsopanocho chinasintha dzina n'kukhala Raku, patatha zaka 19. Ndi nambala imodzi yokha anakwanitsa kupweteka zinenero ziwiri.

Gawani chipinda pawiri

Mtsutso wa mfundo umatha msanga, chifukwa wina akhoza kubweretsa umboni. Mtsutso wa magulu ndiwo umakhalitsa. Onetsetsani kuti aliyense akudziwika ndi kampani imene wachokera, kuti akatsegula pakamwa anthu azimva kampaniyo osati mawu ake. Ndi mmene zinayendera ndi ECMAScript 4, veshoni yaikulu ya JavaScript imene inkabweretsa ma class, mitundu ya data yolengezedwa, ma package ndi zina zambiri nthawi imodzi. Adobe ndi Mozilla anali mbali ina, Microsoft ndi Yahoo mbali ina, akufuna kusintha kochepa. Atakumana ku Oslo mu 2008 anagwirizana zoisiya. Veshoni yachitatu inatuluka mu 1999, yachisanu mu 2009, yachinayi kulibe. Ma class anafika mu 2015.

Chida china ndi kuloza kwa aneba. Mukafuna chinthu, nenani kuti Rust ili nacho kale, ndipo tikuchita manyazi. Mukadana nacho, nenani kuti tikasanduka C++. Mawu awiriwa amagwira pa nkhani iliyonse, ndipo safuna kuti muwerenge chikalata chimene chikukambidwa. Kuwerenga chikalata n'koopsa, chifukwa kumapeto kwake kumakhala gawo la maganizo amene anakanidwa kale ndi zifukwa zake. Mukaliwerenga mudzapeza ganizo lanu lili pomwepo, ndipo mudzasowa chonena. Bwerani nalo ngati latsopano, makamaka tsiku loti avote.

Topetsani amene amagamula

Zinenero zina zili ndi munthu mmodzi amene mawu ake amathetsa nkhani, ndipo munthu wotere ndi chopinga chachikulu pa ntchito yanu. Simungamugonjetse ndi mfundo, koma mungamutopetse. Guido van Rossum anayambitsa Python n'kuitsogolera kwa zaka pafupifupi 30. Mu 2018 kunabwera chikalata cha PEP 572, chofuna chizindikiro cha := chimene chimalola kupatsa dzina mtengo pakati pa chiganizo. Ndi timadontho tiwiri ndi timizere tiwiri basi. Mtsutso wake unatenga miyezi, mfundo zomwezo zikubwerezedwa ndi anthu atsopano, ena akulankhula mopweteka. Iye anavomereza chikalatacho, ndipo pa July 12 analengeza kuti watula pansi udindo, osasankha womulowa m'malo. Chizindikirocho chinalowa mu Python 3.8 mu 2019, ndipo amene sachifuna amangosiya kuchilemba.

Onani kuchuluka kwa phindu. Kusintha kwa 2008 kumene kunaswa mapulogalamu osawerengeka sikunachotse mtsogoleri pampando, koma kachizindikiro koti munthu akhoza kukhala moyo wake wonse osakagwiritsa ntchito kanakwanitsa. Njira yake ndi yosavuta. Nkhani ikagamulidwa, iyambitseninso. Mukayankhidwa, nenani kuti simunamvedwe. Mukamvedwa, nenani kuti anthu ambiri amene sali pano akugwirizana nanu, koma musawatchule. A Python anadzasankha bungwe la anthu asanu loti lizigamula, zomwe zikutanthauza kuti tsopano muyenera kutopetsa asanu. Yambani msanga.

Makhalidwe oti muwapewe

Pali magulu ena amene ataya mwambo, ndipo muyenera kuwadziwa kuti matenda awo asalowe kwanu. Komiti ya TC39, imene imayang'anira JavaScript, itapsa ndi ECMAScript 4 inayamba kutulutsa veshoni yaing'ono chaka chilichonse, ndipo ganizo silimalizidwa mpaka litapangidwa m'makina awiri osiyana n'kuyesedwa. Mu 2018 anafuna kuwonjezera lamulo lotchedwa flatten, koma atapeza kuti likuswa mawebusaiti akale ogwiritsa ntchito laibulale ya MooTools, anasintha dzina kukhala flat. Taganizani, akatswiri a makampani aakulu kugonjera mawebusaiti amene eni ake mwina anaiwala kuti alipo.

A Go ndiwo anyanya. Mu 2012 analonjeza kuti pulogalamu yolembedwa mu Go 1 izipitirira kuyenda, ndipo akusungabe lonjezolo. Ma generics anawakana kwa zaka khumi mpaka atapeza njira yosaswa zakale, n'kuwatulutsa mu March 2022. Ganizo la try la mu 2019 analisiya anthu atalikana, osalikakamira. A Rust nawo ali ndi ma edition, monga a 2015, 2018 ndi 2021, amene amalola khodi yakale ndi yatsopano kukhala m'pulogalamu imodzi. Alinso ndi chida chotchedwa Crater, chimene chimatenga kusintha kumene akuganizira n'kukuyesa pa malaibulale zikwizikwi a anthu, kuti aone amene asweke asanagamule. Chida chotere chimapha mtsutso, chifukwa chimalowetsa m'chipinda anthu onse amene munawatsekera kunja aja, ndipo amalowa ngati nambala imene simungaikalipire.

Munthu woopsa kwambiri

Ngakhale mutsatire zonsezi, m'komiti iliyonse mumapezeka munthu mmodzi wofatsa, kawirikawiri wokhala kumbali ndi laputopu yakale, amene amadikira phokoso lithe n'kufunsa mafunso atatu. Ndani wayesa kuchipanga? Chiswa mapulogalamu angati? Oswekeredwawo tiwawolotsa bwanji? Mafunso amenewa akayankhidwa moona, veshoni yanu ikhoza kutuluka pa nthawi yake n'kumagwira ntchito, ndipo khama lanu lonse lidzapita pachabe.

Musakangane naye, chifukwa anthu angayambe kumumvera. Muthokozeni kwambiri. Nenani kuti mayi kapena bambowa akweza nkhani yofunika imene siyenera kukambidwa mothamanga, ndipo pemphani Apampando kuti pakhale kakomiti kapadera kofufuza za khodi yakale. Iyeyo akhale wapampando wake, wopanda mamembala. Lipoti lake liikidwe pa msonkhano wotsatira, tsiku lomaliza, voti itachitika kale, pa nambala yotsatana ndi nkhani ya mtundu wa logo yatsopano. Pa nkhani ya logoyo konzekerani kulankhula, ndipo mubwere ndi zithunzi.